Kutukwana Aliyense si Chilungamo: Mlandu wa South Park

Pali mawu amene ndatopa nawo m'makalasi a zolembalemba ndiponso m'misonkhano yathu ya ophunzitsa. Nkhani ya mnyazitso ikangoyambika, sipalephera kuimirira munthu, kawirikawiri wophunzira wowerenga bwino ndithu, n'kunena kuti chitsanzo cha ufulu weniweni wa mlembi ndi South Park, sewero la makatuni la anthu akuluakulu la ku America. Chifukwa chake amati n'chakuti eni seweroli "sasiya munthu": amatukwana Mkhristu ndi Msilamu, mzungu ndi munthu wakuda, wolemera ndi wosauka, mtsogoleri wa dziko ndi wopemphapempha. Akatero amakhala pansi ngati nyakwawa imene yagamula mlandu, anzake n'kumagwedeza mitu. Ine ndikukana. Kutukwana aliyense mofanana ndi njira yozembera funso limene mlembi wa mnyazitso ayenera kuliyankha asanagwire cholembera: kodi ndodo yangayi igwera yani, nanga womenyedwayo ali napo pobwezera?

Ndinene poyera kuti sindili m'gulu la amene amafuna kuti seweroli liletsedwe. Ndalionera kwa zaka zambiri ndipo ndaseka nalo mpaka nthiti kuwawa. Ife a chigawo chino cha Africa fungo la mabungwe oletsa mabuku ndi mafilimu timalidziwa, ndipo palibe mwa ife amene angalilakelake. Chimene ndikulimbana nacho ndi chiphunzitso chimene chamera pambali pa seweroli, chonena kuti mnyozo ukagawidwa mofanana umasanduka chilungamo. Chiphunzitso chimenechi chayamba kulowa m'zolemba za achinyamata athu, m'zisudzo zawo ndi m'nthabwala zimene amafalitsa pa intaneti, n'chifukwa chake chiyenera kuzengedwa mlandu m'tsamba ngati lino.

Kwa amene sadalionepo, seweroli lidayamba kuonetsedwa pa kanema wa Comedy Central pa 13 Ogasiti 1997. Eni ake ndi Trey Parker ndi Matt Stone, amene adadziwana ali ophunzira pa University of Colorado ku Boulder. Atengambali akuluakulu ndi ana anayi a kupulayimale, Stan, Kyle, Cartman ndi Kenny, okhala m'katawuni ka kumapiri m'chigawo cha Colorado. Gawo loyamba adalipanga podula zithunzi za mapepala. Pambuyo pake adayamba kugwiritsa ntchito kompyuta, koma maonekedwe achibwanawo sadawasinthe. Kwa zaka zambiri gawo lililonse ankalilemba, kulijambula ndi kulitsiriza m'masiku 6 okha, kotero kuti nkhani imene yatuluka m'nyuzipepala Lachinayi inkatha kusekedwa pa kanema Lachitatu lotsatira. Luso la seweroli lagona pa kuika m'kamwa mwa ana mawu amene akulu amawaganiza koma amachita nawo manyazi.

Pamene ndodo idagwera oyenera

Wozenga mlandu mwachilungamo amayamba ndi kuvomereza zabwino za woimbidwa mlandu. Mu Novembala 2005, m'gawo lotchedwa "Trapped in the Closet", Parker ndi Stone adalimbana ndi mpingo wa Scientology, umene unkadziwika ndi kusumira anthu oudzudzula. Adajambula chiphunzitso chachinsinsi cha mpingowo, chimene mamembala amachimva atalipira ndalama zambiri, n'kulemba pansi pa zithunzizo kuti izi n'zimenedi anthu a mpingowo amakhulupirira. Tom Cruise, membala wotchuka kwambiri wa mpingowo, adamujambula atadzitsekera m'kabati n'kumakana kutuluka. Gawolo lidatha Stan akuuza mpingowo kuti ukasume ngati ukufuna, ndipo maina a onse amene adagwira ntchitoyo adalembedwa kuti John Smith kapena Jane Smith. Patapita miyezi inayi, woimba Isaac Hayes, amene ankapereka mawu a mtengambali wotchedwa Chef ndipo adali wa mpingowo, adasiya ntchito, ngakhale mwana wake adadzanena mu 2016 kuti ganizolo adamupangira ndi anthu ena iye akudwala sitiroko.

Mu Epulo 2010, gawo la "200" litakhudza nkhani ya kujambula Mtumiki Muhammad, kagulu kena ka ku New York kotchedwa Revolution Muslim kadalemba pa intaneti kuti awiriwa angathe kuona zimene adaona Theo van Gogh, wopanga mafilimu wa ku Netherlands amene adaphedwa mu 2004. Munthu akhoza kutsutsana nawo pa nkhani yojambula Mtumiki, ndipo Asilamu ambiri amtendere ali ndi zifukwa zomveka zoipidwira nazo. Koma palibe angakane kuti apa miyoyo yawo idali pachiswe. Mu Okutobala 2019, m'gawo la "Band in China", adaseka makampani a mafilimu a ku Hollywood amene amadula okha mafilimu awo pofuna kusangalatsa boma la China kuti agulitse malonda kumeneko. Boma la China lidafafaniza seweroli pa intaneti ya dziko lawo, ndipo eni ake adayankha ndi kupepesa kwachipongwe.

Gawo limene ndimalilemekeza koposa ndi la mu Malichi 2008, "Britney's New Look". Pa nthawiyo woimba Britney Spears adali pamavuto aakulu ndipo ojambula zithunzi ankamulondola usana ndi usiku. Kukadakhala kosavuta kumuseka monga ankachitira ena onse. M'malo mwake seweroli lidaonetsa anthu a dziko lonse atamuzungulira m'munda n'kumamujambula mpaka kufa, monga nsembe yoti chimanga chibereke bwino. Ndodo idatembenuka n'kugwera woonera yemweyo, wogula magazini, woseka.

Tsono taonani chimene chikugwirizanitsa zitsanzo zinayizi. Ponsepa seweroli lidasankha mbali. Lidaima polimbana ndi mpingo wokhala ndi maloya, ndi anthu oopseza kupha, ndi boma lamphamvu pamodzi ndi makampani oligwadira, ndi khamu losangalala ndi tsoka la mkazi mmodzi. Ulemerero wa South Park udachokera m'kusankha womumenya. Amene amalitama chifukwa cha kusasankha akulitama pa chinthu chimene lidachisiya pa masiku ake abwino koposa.

Mwana wa ku Ethiopia wopanda chinenero

Tiyeni tione tsono pamene ndodo idagwera ife. Mu Novembala 1997, m'chaka chake choyamba, seweroli lidatulutsa gawo lotchedwa "Starvin' Marvin". Ana aja aona pa kanema Sally Struthers, wazisudzo amene ankapempha ndalama zothandizira ana anjala, ndipo atumiza tindalama tochepa pofuna kulandira wotchi yaulere. M'malo mwa wotchi, pakhomo pafika mwana wa ku Ethiopia, wowonda, wotupa mimba. Cartman amupatsa dzina lomuseka njala yakeyo. Kenako Cartman atengedwa molakwika kupita ku Ethiopia, kumene apeza Struthers atadzikundikira chakudya cha anthu anjala n'kumadya yekha.

Oteteza seweroli amati amene akunyazitsidwa apa ndi Amerika amene amagula mtendere wa mumtima ndi tindalama ta m'thumba, ndiponso mabungwe amene amagulitsa zithunzi za ana athu. N'zoona, ndipo mfundoyo ndi yabwino. M'gawo lotsatira la mu 1999 adadzudzulanso amishoni amene amapereka chakudya pokhapokha munthu awerenge Baibulo. Ndikuvomerezanso kuti Marvin si wopusa, pakuti ndiye adachenjerera akuluakulu a boma kuti atenge Cartman m'malo mwake. Komatu mverani mmene mwanayu amalankhulira. Iye ndi abale ake amangoliza lilime m'kamwa, maphokoso otsanzira aja timawamva m'ChiXhosa, m'ChiZulu ndi m'zinenero za Akhoi ndi Asan. ChiAmhara, ChiOromo ndi ChiTigrinya zilibe maphokoso amenewo. Ethiopia ali ndi zilembo zakezake zimene anthu akhala akulembera mabuku kwa zaka mazanamazana, ndipo ali pa mtunda wa makilomita zikwi zingapo kuchokera kwa Axhosa. Alembi amene adafufuza mosamala chiphunzitso chobisika cha Scientology kuti asalakwitse ngakhale dzina limodzi sadaone chifukwa chofunsira kuti anthu a ku Ethiopia amalankhula chiyani.

Apa ndiye pagona kusiyana kumene chiphunzitso cha kutukwana mofanana chimabisa. Tom Cruise akasekedwa, woonera amadziwa kale kuti pali Tom Cruise weniweni, wolemera, wokhala ndi mafilimu ambirimbiri omuyankhira. Chithunzi chonyoza chimaima pambali pa zithunzi zina zikwizikwi. Mwana wa ku Colorado amene adaonera Marvin mu 1997 adali ndi chithunzi chimodzi chokha cha Ethiopia, chija cha njala ya 1984 ndi 1985 ndi zoimbaimba za Live Aid, ndipo seweroli lidangochikhomerera msomali wina. Struthers adasekedwa monga munthu wodziwika ndi dzina lake, pamene Marvin adagwiritsidwa ntchito monga chikwapu chokwapulira Struthers. Munthu wosandutsidwa chikwapu sanganene kuti walandira gawo lofanana la nthabwala.

Matendawa sadathere pomwepo. Mu 2011 Parker ndi Stone, pamodzi ndi Robert Lopez, adatsekulira ku Broadway sewero la nyimbo lotchedwa The Book of Mormon, lonena za anyamata awiri ofalitsa chipembedzo amene atumizidwa kumudzi wina kumpoto kwa Uganda. Achimormon adasekedwa mwachikondi ndi mwatsatanetsatane, pakuti alembiwo adakulira nawo pafupi ndipo amawadziwa. Aganda adapatsidwa Edzi, mkulu wankhondo wankhanza ndi umbuli wosadziwa ngakhale foni. Mu 2020, George Floyd ataphedwa, ochita seweroli achikuda adalembera kalata eni ake, ndipo pamene lidatsekulidwanso mu Novembala 2021 mbali zina zidali zitakonzedwa. Kukonzako n'kwabwino, koma kukuchitira umboni kuti kwa zaka pafupifupi 10 muyeso udali wopendekera.

Mboni yanga yamphamvu pa mfundo imeneyi ndi seweroli lomwe. Mu Malichi 2007, m'gawo la "With Apologies to Jesse Jackson", bambo ake a Stan atchula pa kanema liwu lija lonyoza anthu akuda limene lidachokera ku ukapolo. Stan ayesa njira zonse zouzira mnzake wachikuda kuti nkhaniyo ndi yaing'ono ndiponso kuti akumvetsa mmene zikumupwetekera. Mtendere ubwera pokhapokha Stan atavomera kuti sangathe kumvetsa. Tsiku limenelo Parker ndi Stone adavomereza ndi pakamwa pawo kuti liwu limodzi limalemera mosiyana malinga ndi msana umene lagwera. Otsatira awo a kuno ndiwo adatsalira m'mbuyo.

Wamisala adaona nkhondo

Mlandu wachiwiri ndi waukulu kuposa woyamba. Munthu amene walumbira kuti adzaseka mbali zonse mofanana amakakamizika kunena kuti mbali zonse n'zofanana, ngakhale pamene sizili choncho. Pa 27 Okutobala 2004, kutatsala masiku 6 kuti Amerika asankhe pakati pa George W. Bush ndi John Kerry, nkhondo ya ku Iraq ili mkati, seweroli lidaonetsa chisankho cha pasukulu pamene opikisana adali awiri: chipangizo chotsukira malo obisika a thupi, ndi buledi woika chimbudzi pakati. Stan akana kuvota, athamangitsidwa m'mudzi, abwerera n'kuvota, kenako auzidwa kuti voti yake sidasinthe kanthu. Phunziro lake n'lakuti chisankho chilichonse chimakhala pakati pa zonyansa ziwiri. Mu 2016 adabwerezanso fanizo lomwelo pa Donald Trump ndi Hillary Clinton, ndipo zotsatira zitatuluka adachita kulembanso mothamanga gawo la tsiku lotsatira, chifukwa iwonso ankayembekezera kuti Clinton apambana.

Nthabwala imeneyi imakoma chifukwa imam'patsa woonera ulemu waulere. Safunikanso kuwerenga, kufananiza kapena kuima padzuwa pamzere wovota. Amangoti onse ndi amodzi, n'kudziona wanzeru kuposa amene akuvutika ndi kusankha. Mphwayi zimavekedwa mkanjo wa nzeru. Ife amene makolo athu adaima pamizere italiitali mu Juni 1993 ku Malawi ndi mu Epulo 1994 ku South Africa tiyenera kukhala otsiriza kugula malonda otere.

Chitsanzo choonekeratu ndi cha Al Gore. Mu Epulo 2006, kutatsala mwezi umodzi kuti filimu yake yonena za kusintha kwa nyengo, An Inconvenient Truth, iyambe kuonetsedwa m'nyumba za mafilimu, seweroli lidamujambula monga munthu wopanda anzake, wofuna kutchuka, amene akuyendayenda kuchenjeza ana za chilombo chongopeka chotchedwa ManBearPig, theka munthu, theka chimbalangondo, thekanso nkhumba. Tanthauzo lake lidali losabisika: kutentha kwa dziko ndi chilombo cha m'mutu mwa wandale wolephera. Gore ali nazo zomuseka, ndipo kumuseka si tchimo. Koma nthabwalayo idapitirira munthuyo n'kukagwera sayansi imene iye ankangoinyamula, pa nthawi imene dziko la America, limene latulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kuposa dziko lina lililonse m'mbiri, linkakangana ngati vutolo lilipodi.

Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo. Mu Novembala 2018 seweroli lidatulutsa magawo awiri m'mene chilombo chija chidaonekeradi n'kuyamba kupha anthu, ana aja n'kupita kukapepesa kwa Gore. Adafika poonetsa kuti agogo a m'mudzimo ndiwo adapangana ndi chilombocho kalekale posinthanitsa ndi magalimoto ndi ayisikilimu, podziwa kuti ngongoleyo adzalipira ndi adzukulu. Ndi magawo abwino, ndipo si alembi ambiri amene amavomera kulakwa poyera chotere. Koma padapita zaka 12, ndipo madzi akatayika saoleka. Sindikunena kuti makatuni ndiwo adamiza Beira ndi Chimanimani mu Malichi 2019, kapena kuti ndiwo adagumula phiri la Soche pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndikunena kuti pamene dziko lolemera liphunzitsa ana ake kuseka munthu wochenjeza za moto, oyamba kupsa amakhala a nyumba zaudzu, ndipo iwowo sadafunsidwe ngati nthabwalayo idawakomera.

Khoswe wa pamkhate

Mlandu wachitatu ukukhudza kulimba mtima kumene ophunzira athu amakusirira. Ndavomera kale kuti mu 2010 kudalipo. Koma masiku ambiri Parker ndi Stone amatukwana atakhala pamalo otetezeka kuposa amene mlembi wina aliyense wa mnyazitso adakhalapo. Mu 1988 bwalo lalikulu la milandu la America, pa mlandu wa magazini ya Hustler ndi mlaliki Jerry Falwell, lidagamula mogwirizana kuti munthu wotchuka sangalipitse wolemba nthabwala zomunyoza chifukwa chongoti zamupweteka mtima. Chigamulo chimenecho ndicho mpanda wa South Park. Mpanda wachiwiri ndi ndalama. Mu 2021 awiriwa adasaina mgwirizano wa madola 900 miliyoni ndi kampani ya ViacomCBS, ndipo mu Julayi 2025 padabweranso mgwirizano wa madola 1.5 biliyoni wa zaka zisanu ndi Paramount, dzina latsopano la kampani yomweyo.

Sabata yomweyo, pa 23 Julayi 2025, adatulutsa gawo loonetsa Pulezidenti Trump ali pabedi ndi Satana, m'menenso adaseka kampani yawo yomwe chifukwa chovomera kulipira madola 16 miliyoni pothetsa mlandu umene Trump adaisumira pa pulogalamu ya 60 Minutes. Tsiku lotsatira boma lidavomereza kuti Paramount iphatikizane ndi kampani ya Skydance. Gawolo lidali lakuthwa, lidasankha mbali, ndipo ndidaliombera m'manja. Komabe khoswe akakhala pamkhate sapheka: kampani singaphwanye chinthu chimene yangochigula pa mtengo wotere. Masiku ochepa m'mbuyo mwake, kampani yomweyo idali italengeza kuti ithetsa pulogalamu ya Stephen Colbert, wanthabwala winanso wodzudzula Trump, ponena kuti ndi nkhani ya ndalama. Ndipo pamene kampani idachitadi mantha, mawu akuti "sasiya munthu" adatha mphamvu: mu 2006 Comedy Central idakana kuonetsa chithunzi cha Mtumiki, mu 2010 idaphimba ndi kulira kwa belu mawu otsiriza a gawo la "201", ndipo mu 2020, seweroli litaikidwa pa HBO Max, magawo asanu okhudza nkhaniyi adasiyidwa kunja.

Kunyoza anthu otchuka, kumene ambiri amakuona ngati umboni wa kusaopa, ndiko kotchipa pa zonse. Barbra Streisand adasandutsidwa chilombo chachitsulo mu 1998, Kanye West adasekedwa mu 2009 monga wodzikuza wosamva nthabwala, Prince Harry ndi Meghan adajambulidwa mu 2023 akuzungulira dziko lonse ndi zikwangwani zopempha kuti anthu awasiye okha. Zina mwa izi n'zoseketsadi. Koma kutchuka ndi msika umene umadya chitamando ndi chitonzo chomwe, ndipo woseka ndi wosekedwa amagulitsa m'sitolo imodzi. Mu 1997 George Clooney adavomera mokondwa kuuwa ngati galu m'gawo lina la seweroli. Anthu otchuka amadziwa kuti kujambulidwa mu South Park ndi chizindikiro chakuti dzina lawo likadali pamsika.

Fananizani ndi mtengo umene mnyazitso umalipira kwathu kuno. Jack Mapanje adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira mu Seputembala 1987 mpaka mu Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ku South Africa, dziko lokhala ndi malamulo oteteza ufulu wolankhula, Jonathan Shapiro, wodziwika kuti Zapiro, adasumiridwa ndi Jacob Zuma chifukwa cha chithunzi cha mu Seputembala 2008, ndipo mlanduwo udalendewera pamutu pake mpaka Zuma adauchotsa mu Okutobala 2012. Pulogalamu ya zidole zoseka andale ya ZA News idalephera kupeza malo pa kanema wa boma wa SABC mpaka idayambira pa intaneti mu 2009. Anthu amenewa adadziwa kuti mivi yawo ndi yowerengeka ndipo uliwonse ungawadyetse ndende kapena umphawi, n'chifukwa chake ankayang'anitsitsa asanaponye. Wophunzira wathu akamatsanzira kaimidwe ka Parker ndi Stone popanda mpanda wawo wa malamulo ndi wa ndalama, mapeto ake amadziwika: wamphamvu adzamuopa n'kumulambalala, ndipo kufanana konse kudzathera pa mayi wogulitsa mandasi, pa munthu wolumala ndi pa mtundu wa anthu oyandikana nawo.

Kwa amene anditsutse

Ena adzati awa ndi makatuni chabe. Yankho limeneli silingachokere kwa anthu amene amati seweroli ndi chitsanzo cha ufulu wa mlembi ndipo amanyadira kuti lidalandira mphotho ya Peabody. Chinthu sichingakhale chofunika pochitama n'kukhala chachabe pochifunsa mafunso. Komanso mu Novembala 2005 Cartman adaphunzitsa anzake kuti ana a tsitsi lofiira alibe mzimu, ndipo mu 2008 ku Canada ana ena adakhazikitsa pa Facebook tsiku lomenya mateche anzawo a tsitsi lofiira, apolisi mpaka kulowererapo. Gawolo cholinga chake chidali kunyazitsa tsankho, koma ana adatola mawu a Cartman n'kusiya phunzirolo.

Apa ndayankhanso gulu lachiwiri, limene limati Cartman ndi chitsiru chimene tiyenera kuchiseka, osati kuchitsanzira. Ndi mmene alembi adamupangira, sindikukana. Koma ndiyenso amene amapatsidwa mawu okoma koposa, ndiye amajambulidwa pamalaya, ndiye ana amamubwereza pabwalo la sukulu. Mlembi amene wapanga tsankho kukhala lokoma chotere sangasambe m'manja ponena kuti kumapeto kwa gawo tsankholo lidalangidwa. M'chigawo chimene anthu 62 adaphedwa m'zipolowe zodana ndi obwera ku South Africa mu Meyi 2008, ndiponso m'mene anthu achialubino akhala akusakidwa ku Malawi kuyambira mu 2014, wanthabwala amene amaseka obwera kapena achialubino, n'kudziteteza kuti dzulo adasekanso nduna, akuyerekeza zinthu zosayerekezeka. Nduna imapita kwawo pagalimoto ya boma ndi apolisi oilondera, pamene winayo amadutsa yekha m'njira yamdima.

Gulu lachitatu lidzati ndikufuna nthabwala zaulemu, zopanda mano. Ayi ndithu. Chikhalidwe chathu chimadziwa kutukwana kuposa Colorado. Ku Zambia, pa chimbuya cha Abemba ndi Angoni, Mbemba amaseka wa kum'mawa kuti amadya mbewa, wa kum'mawa n'kumubwezera kuti iye amadya anyani, ndipo amatero ngakhale pamaliro, pamaso pa ofedwa. Chipongwe chimenechi chimaloledwa pa zifukwa ziwiri: wonyozedwa ali ndi ufulu wonse wobwezera, ndipo wonyozayo ndi yemwenso amagwira ntchito za pamaliropo. Mnyozo umayendera limodzi ndi udindo. Kufanana kwenikweni n'kumeneku, kwa anthu awiri oimirira pabwalo limodzi. Marvin alibe bwalo, alibe kanema, alibe ngakhale chinenero choti abwezere nacho.

Mawu otsiriza

Tsono kwa ophunzira anga, ndi kwa anzanga amene amaphunzitsa seweroli m'makalasi awo, pempho langa ndi ili. Liphunzitseni, pakuti muli zambiri zoti titolemo: liwiro loyankha nkhani isanazizire, kusaopa kampani imene ikukulipira, kulolera kubwerera m'mbuyo n'kunena kuti tidalakwa. Koma poliphunzitsa ikani "Trapped in the Closet" pambali pa "Starvin' Marvin", ikani gawo la 2006 la Al Gore pambali pa magawo a 2018, ndipo muwafunse ophunzira kuti m'gawo lililonse wapwetekedwa ndani, wapindula ndani, ndipo ndani adakatha kuyankha. Wophunzira akadzaimiriranso n'kunena kuti seweroli n'lachilungamo chifukwa silisiya munthu, mudzamufunse kuti Marvin ankalankhula chinenero chanji.